Ndinaika mapu a thanthwe lathu poyera, tsopano atitsekera geti

Aphungu,

Ndine mtsikana wa chaka chachitatu pa yunivesite ndipo ndimaphunzira zamakompyuta. Ndili m'kalabu yokwera matanthwe ndi zingwe. Kunena zoona, anzanga onse amene ndili nawo ndinawapeza m'kalabuyi.

Thanthwe lomwe timakwera ndi limodzi lokha, ndipo lili m'famu ya bambo wina woweta ng'ombe amene timawatchula kuti a Chipewa. Anailola kalabu yathu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, n'kunena kuti, "Muzibwera ochepa, muzitseka geti, ndipo musakalengeze kwa anthu."

Anzanga anandipempha kuti ndiwapangire tsamba la pa intaneti. Ndinalipanga mmene amatiphunzitsira m'kalasi, kuti zonse zomangira tsambalo zizikhala poyera, aliyense athe kuona, kukopera ndi kukonza. Ndi kunyada kwangako ndinaikamonso mapu, njira yolowera, ngakhale chithunzi cha geti. Mawu a a Chipewa aja sindinawakumbuke n'komwe.

Loweruka lina kufamuko kunafika magalimoto anayi a anthu osawadziwa. Anasiya geti pululu, mwana wa ng'ombe anatuluka n'kugundidwa ndi lole pamsewu, n'kufera pomwepo. Pano pagetipo pali loko wamkulu ngati chibakera.

Mapuwo ndinafufuta, koma anthu khumi ndi atatu anali atakopera kale tsamba lonse. Pamsonkhano wapampando wathu anangoti, "Zingwezi tiziyanikapo zovala basi." Ena anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. Palibe wandinyoza, koma palibenso amene amandisungira mpando kodyera, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndaononga m'sabata imodzi chinthu chimene ena anachisamala zaka zonsezi. Mtima wanga wasweka, Aphungu. Kodi ndingochoka m'kalabuyi mwakachetechete?

T.N., wa chaka chachitatu

Mwanangu T.N.,

Sindikunamiza ayi: unalakwa, ndipo kufufuta sikungadzutse ng'ombe. Tsambalo linali lako, unali ndi ufulu woligawira dziko lonse. Koma geti lija silinali lako.

Zozemba mwakachetechetezo iwala. Kumeneko n'kuwasiya anzako atasenza mlandu wako.

Pita kwa a Chipewa ndi miyendo yako, osati pafoni. Ukawauze kuti amene anaika mapu ndiwe, osati kalabu. Usakayambe kuwaphunzitsa zamakompyuta, iwo chimene akudziwa ndi mwana wa ng'ombe amene anakamutola pamsewu. Tsiku limenelo za thanthwe usakatchule. Ukafunse ntchito imene ungawagwirire, kaya kukonza mpanda kaya kupala m'khola, ndipo ukalonjeza tsiku ukafikedi.

Ukabwerako, uwalembere anthu khumi ndi atatu aja mmodzimmodzi, uwapemphe achotse mapuwo. Ena sadzakuyankha, usadabwe. Patsamba lanu lemba poonekera kuti malowo ali ndi mwini wake ndipo ndi otseka. Kuyambira lero, chilichonse chokhudza malo a munthu uziyamba wafunsa mwiniyo usanachiike poyera. Wapampando wanuyo umuuze zonse zimene wachita, koma usamukakamize kukumwetulira.

Ndikuchenjeze chinthu chimodzi. A Chipewa atha kukana mpaka kalekale, ndipo sadzakhala atalakwa. Anzako ena akadzayamba zoti mulumphe mpanda, iwe udzakhale woyamba kukana. Mwina thanthwe limenelo sudzaligwiranso, mwanangu. Pitabe ukapepese.