Mchere wa Tsiku Limodzi

Kuseri kwa sitolo ya a Jitendra,
Pafupi ndi msika,
Lilongwe.
Lolemba, 15 Ogasiti 1955.

Alamu anga a Sajeni Paxton,

Ndayamba ndi moni. Mwadzuka bwanji kukampu ku Zomba, inu ndi amake Ursula? Nanga mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ana onse ndikhulupirira akusewera. Ife kuno tadzuka, koma ndikati tili bwino ndinama, ndipo kunama ndatopa nako.

Mundikhululukire malembedwe, mukudziwa ndinalekeza Sitandade 3. Sindinapite kwa mkulu wolembera anthu makalata papositi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake mawa lake imagulitsidwa pamsika pamodzi ndi tomato.

Alamu, mng'ono wanu Everson akudwala kwambiri. Akutsokomola magazi. Sizinayambe dzulo ayi. Uno ndi mwezi wachisanu, ndipo miyezi yonseyi amene ndakhala ndikubisa ndine.

Ndikuuzani mmene zinayendera, mundiweruze mutamva zonse.

Inu munali nawo kunkhondo ya ku Malaya, ndiye mukudziwa mmene anabwerera. Thupi linali lathunthu, koma munthu wake sanali yemwe uja anandikwatira. Chitini chikagwa m'sitolo amadzigwetsa pansi, kenako n'kudzuka ali ndi ukali wamanyazi. Sakonda kufunsidwa mafunso. Akakhala pansi amafuna msana wake ukhale kukhoma. Mwana wathu Lonely, amene anabadwa iwo ali kunkhondoko, amamunyamula bwino, koma akangolira amamutula msanga n'kutuluka panja. Ine ndinaphunzira kuyenda mwakachetechete m'nyumba mwanga momwe.

Ntchito yawo kwa a Jitendra ndi yotsitsa mabelo a nsalu ndi matumba pa lole. Masana amabwera kudzadya atatopa. Tsiku lina ndili kumwezi ndinawapatsa ndiwo zopanda mchere. Anataya mbale kukhoma, nati kunkhalango anadya zozizira zokwanira, safuna kudzadyanso zoterozo kwawo. Madzulo ake anandipepesa, koma ine mantha anali atalowa kale.

Mukudziwa mwambo wathu, kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kudula mwamuna. Kumudzi sizivuta, umangoitana kamtsikana ka mnzako n'kukuthirira. Kuno kuseri kwa masitolo kulibe wachibale. Amene ankandithandiza ndi mnansi wanga a Zubeida, Myao wa ku Salima, ndipo ankandiseka kuti Achewa tidzafa ndi njala mchere uli m'manja. M'mwezi wa Malichi a Zubeida anapita kumaliro kwawo. Masiku anga anafika. Nyemba zinapsa, dzuwa linafika pamutu, ndinamva lole ikuchoka. Kuuza bambo a Lonely kuti athire okha ndinachita manyazi, ndinaopanso mbale ija. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatapa mchere ndi dzanja langa, ndinathira. Anadya mpaka kunyambita zala.

Patangotha masabata awiri ndinapeza magazi pa kansanza kamene amapukutira pakamwa.

Ndinati basi ndawadula ndine. Ndinadziwanso kuti anthu akamva za mdulo safunsa za mchere, amafunsa kuti mwamuna wake ndani. Mkazi wa msilikali amene anakhala yekha m'tauni pafupifupi zaka ziwiri, ndani angamukhulupirire? Ndikulumbira pa dzina la Mulungu amene anandibatiza, palibe mwamuna anaponda pakhomo panga. Koma ndinaopa.

Choncho ndinayamba kubisa. Nsanza zija sindinkachapira pamodzi ndi amayi anzanga. Ndinkazikulunga pansi pa zovala za mwana, n'kutsikira kumtsinje kumunsi kwa mlatho, kumene sikufika anthu ambiri. Ndikachapa ndinkaziyanika m'nyumba. Ofunsa za kuwonda kwawo ndinkawayankha kuti ndi fumbi la matumba. Bambo a Lonely ankangosiya kansanza pansi pa mphasa, ine n'kutola, ngati tinapangana.

Tsopano ndinene chimene chikundilemera koposa. M'mwezi wa Meyi kunabwera mesenjala wa kuboma ndi pepala. Anati onse amene anabwera ku Malaya akaonekere kwa dokotala Lachinayi, akawapime m'chifuwa. Bambo a Lonely anali kuntchito, ndiye ndinalandira ndine. Ndinaliwerenga kawiri. Ndinaganiza kuti dokotala akaona magazi, mbiri ifika kwa apongozi ku Nsaru sabata isanathe. Ndinaliponya pamoto. Mesenjala atabweranso ndinamuuza kuti aja anapita kumudzi. Anandithokoza, nakwera njinga yake.

Anzawo awiri amene anapita tsiku limenelo anawapeza ndi nthenda, anawagoneka, ndipo mmodzi ndamuona pamsika sabata yatha akutsutsana mtengo wa fodya, ali wonenepa. Ndinabisala kuseri kwa madengu kuti asandipatse moni.

Mwezi wathawu Lonely naye anayamba kutsokomola. Sakudya, thupi limatentha madzulo aliwonse, ndipo ndikamubereka ndimamva nthiti zake pamsana panga.

Amene anandigwira ndi mayi Sharda, akazi a a Jitendra. Anandipeza ndikukulunga nsanza, anandilanda, anazitambasula. Sanandikalipire. Anangoti mchimwene wawo anamwalira ndi nthenda yomweyi kwawo, ndipo nawonso kwawo anabisa kuopa kuti alongo ake sadzakwatiwa. Anati, iwe Alinesi, manyazi sanachiritsepo munthu, nyamula mwana. Anandiperekeza okha mpaka pachipata cha chipatala.

Adiresa, othandiza dokotala, anandifunsa kuti kunyumba akutsokomola ndani, ndipo kuyambira liti. Nditayankha anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Bwenzi atanditukwana zikanakhala bwino. Dokotala atamvetsera pachifuwa pa mwana anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo wachitenga kwa bambo ake. Ayamba kumubaya jakisoni. Koma anati bamboyo akapanda kubwera, mwana tikungomuthira madzi m'dengu, ndipo iwowo mvula ikubwerayi mwina sadzaiona.

Lamulungu la pa 7, titabwera kutchalitchi, ndinagwada pakhonde n'kuwauza bambo a Lonely zonse, za mchere, za nsanza, za pepala. Ndinadikira kumenyedwa. Koma sanandimenye. Kenako anati, Alinesi, mchere wakowo ulibe mlandu. Anati chifuwachi chinayamba ali kunkhondo konko, ndipo magazi oyamba anawaona m'sitima ya pamadzi pobwerera. Anati inu munkagona pafupi nawo, munawamva, ndipo munawafunditsa jasi lanu. Tsiku lowapima powatulutsa usilikali anamwa madzi otentha n'kumeza chifuwa, chifukwa opezeka odwala ankatsalira m'chipatala, ndipo iwo ankafuna kudzaona mwana amene anali asanamuonepo.

Ndinalira, alamu. Sindikudziwa ngati ndinalira chifukwa chomasuka kapena chifukwa cha mkwiyo. Miyezi isanu tinagona mphasa imodzi, aliyense atakumbatira bodza lake.

Ndinati tiyeni kuchipatala mawa. Anakana. Akuti akakaulula kuti ananamiza dokotala wa asilikali, boma liwalanda chiphaso chawo chotulukira usilikali, mwinanso kuwatsekera. Ine sindikudziwa ngati zili choncho, inu ndi amene mukudziwa malamulo a kumeneko. Akutinso msilikali sadzipereka yekha kuchipatala ngati mwana, amapita akalamulidwa. Ndinawafunsa kuti nanga akulamuleni ndani, poti munavula yunifolomu. Anangotembenukira kukhoma.

Tsono apongozi afika Lachitatu. Wina wa kumsika anakawauza. Atangoona mwana wawo anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kulira ngati pamaliro, anthu a m'masitolo n'kumasuzumira. Anati mwana wawo anapita kunkhondo ya azungu n'kubwera wopanda ngakhale chipsera, zipolopolo zinamulephera, koma wadzamutha ndi mkazi. Anati uwu ndi mdulo woonekeratu, ndipo mwananso ndamusempha.

Ndinawauza za mchere. Anaseka. Anati mchere wa tsiku limodzi sutulutsa magazi odzaza nsanza, ndisawayese mwana. Anati akazi a m'tauni timavala nsapato kuti mapazi athu asadziwike kumene apita. A Zubeida anayesa kundiikira kumbuyo, nati zaka zonsezo ankandiona ndikutseka chitseko dzuwa likangolowa. Apongozi anawayankha kuti mboni ya fisi ndi fisi mnzake.

Mng'ono wanu anali m'nyumba, ankamva zonse. Sanatuluke. Sindikuwada ayi. Amayi awo akhala akuyenda mudzi wonse kunyadira kuti mwana wawo anabwera wamphumphu, ndipo iwo alibe mphamvu yowalanda zimenezo. Mphamvu imene yatsala ndi yopumira basi.

Apongozi agamula chonchi. Loweruka la sabata yamawa, pa 27, kuli lole yopita ku Nsaru. Ndikapanda kutchula mwamuna, awanyamula bambo a Lonely kupita nawo kwa sing'anga wa kumeneko, ndipo ine ndisawatsatire. Inu mukudziwa kutalika kwake ndi chipatala, ndiponso kuti mvula ikayamba msewu uja sudutsika. Akakwera lole imeneyo sindidzawaonanso. Koma akuti ndikavomera n'kutchula dzina, mankhwala ake ayenera kuphikidwa ndi dzanja langa pakhomo pomwe ndinalakwira, ndiye akhala konkuno. Ndinawafunsa ngati akadzamwa mankhwalawo adzaloledwe kupita kukabayitsa jakisoni. Anati ndikadzayeretsa nyumba, za azunguzo azidzapita, iwo alibe nazo kanthu.

Ndiye mwaona pamene ndaima.

Ndikukupemphani, alamu, pemphani tchuthi kwa akuluakulu anu, ngakhale cha masiku atatu. Bwerani mudzawauze amayi zimene munamva m'sitima muja. Inu adzakumverani, ndinu mwana wawo woyamba. Mudzamuuzenso mng'ono wanu zoona zake za chiphasocho, ndipo mudzamulamule monga munkachitira kunkhondo. Ine ndikalankhula amamva mkazi amene anawotcha pepala. Inu mukalankhula adzaimirira.

Ngati tchuthi akukanizani, lembani makalata awiri, ina ya amayi, ina ya iwo, ndipo musaine ndi udindo wanu. Muwatumize ku sitolo ya a Jitendra, mayi Sharda adzandipatsa m'manja. Musachedwe, basi ya makalata simabwera tsiku lililonse.

Koma Lachisanu la pa 26 dzuwa likadzalowa musanafike, kalatanso osafika, ine ndaganiza kale chochita. Ndidzagwada pamaso pa apongozi n'kuvomera. Ndidzatchula dzina la munthu amene kulibe, ndidzati anali wodutsa, wa malole a ku Fort Jameson, kuti pasapezeke mwana wa munthu womenyedwa chifukwa cha ine. Ndikudziwa chimene chidzatsatire. Kumpingo adzandidula, azimayi a kumtsinje adzasuntha miyala yawo, ndipo mng'ono wanu akadzachira abale adzamupezera mkazi wina. Malume anga akadzamva sindikudziwa ngati adzandilandire. Ndaziyeza zonsezi. Ndinanama kuti ndisatchedwe dzina limeneli, ndipo bodza langalo latsala pang'ono kupha anthu awiri. Ngati kulisenza dzinalo kungawagoneke pabedi la chipatala, ndilisenza.

Chimodzi chokha ndikupempha. Zikafika pamenepo musadzanditsutse pamaso pa amayi mpaka jakisoni atatha, angadzasinthe maganizo. Ndipo kalata ino musaitaye. Muiike m'bokosi lanu lachitsulo. Lonely akadzakula adzamva anthu akunena za mayi ake, ndipo ine mwina sindidzakhala pafupi kuti ndimuyankhe. Akadzadziwa kuwerenga mudzampatse. Adziwe kuti ndinathira mchere, ndinabisa nsanza, ndinawotcha pepala. Zitatuzo ndi zanga, ndipo sindizikana. Chinacho ayi.

Ndalemba ndili pamzere wa jakisoni, mwana ali pamiyendo, ndipo atsala anthu awiri kuti atiitane. Ndikatuluka ndithamangira kupositi.

Mundiperekere moni kwa amake Ursula, muwauze andipempherere, koma zinazi musawawerengere zonse. Moni kwa Ursula ndi ang'ono ake. Ngati kukampuko alipo amene anali ndi mng'ono wanu kunkhondo, muwauze kuti akutsokomola asameze.

Mulungu akusungeni, akupatseni njira yoyera ndi mtima wofulumira.

Ndine mlamu wanu,
Alinesi, make Lonely.