Mtsikana wa M'kope la Chanaze

Lachinayi, 17 Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Posesa ndapeza kope la mwana wanga Chanaze, ndipo ndawerenga nkhani imene akulembera mpikisano wa kusukulu. Ndi ya mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ngati iyeyo, wochita manyazi ndi Chisena cha mayi ake. Akukwera basi pa Nchalo. Atafika ku Blantyre akudzitcha Jesika, n'kumauza anthu kuti makolo ake anapita ndi madzi osefukira.

Potsuka mbale ndamufunsa, "Kodi mtsikana uja ndiwe?"

"Amayi, ndi nkhani yopeka chabe."

"Nanga adzabwerera kwawo?"

"Sindinaganize," watero osandiyang'ana.

Miyezi iwiri tsopano, ndikamulankhula m'Chisena amayankha m'Chichewa. Pachikuto cha kopelo wafufuta dzina lake, walembapo Jesika.

Abambo ake sindinawauze. Angatenthe kopelo, mwanayo n'kupitadi. Ndikufuna kumuuza momwe agogo ake anayendera wapansi kuchokera ku Mozambiki atandibereka kumsana. Koma ndikuopa kuti angomvetsera mwaulemu, kenako...