Musayatse Pulinta

Che Uladi,

Mukafika musayatse pulinta, chonde. Chingwe chake ndazula dala. Foni yanu mwaiiwala pampando, n'chifukwa chake ndalemba apa.

Ndalakwitsa, pepani. Mutangopita ku mzikiti kukaswali Juma ndinafuna kusindikiza chithunzi cha sikani ya kuchipatala ija kuti ndichibise m'sutikesi. Paja munati foni yanga sigwirizana ndi pulinta yakaleyi, ndiye munalumikiza laputopu pa wayifayi kuti izilandira n'kumapatsira. Ndinadina, zii. Ndinadinanso mpaka kasanu ndi kawiri, osadziwa kuti mapepala atha. Pano zonsezo zili pamzere mu laputopu, zikudikira, ndipo kafufutidwe kake sindikadziwa.

Amayi anu anyamuka kale ku Nsanama, akubwera kudzasindikiza makadi a ukwati wa mlongo wanu Sumaiya. Mukuwadziwa, amaima pa pulinta pomwepo n'kumalandira pepala lililonse ndi manja awo. Mukangoikamo mapepala, woyamba kutuluka ndi mwanayu, dzina langa lili pamwamba.

Mimbayi ndi ya miyezi iwiri yokha, bambo. Ulendo watha uja tinafulumira kuuza anthu, ndipo mukudziwa mmene zinathera. Sindikufuna wina aliyense adziwe nthawi isanakwane, ngakhale iwowo.

Ndathamangira ku depoti ku Liwonde kukawachingamira. Ndikawazungulitsa mumsika, tizikasankha nsalu mpaka swala ya Asiri madzulo. Fufutani zonse, muonenso kawiri. Zikakanika muwauze kuti makina afa. Bodza limenelo ndisenza ndine.

Zulfa