Ngongole ya Foni Yatha, Achimwene

Kwa Kanduku,
Mwanza.

Okondedwa achimwene a Aubrey,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko, inu ndi alamu anga a Jane pamodzi ndi ana. Kaya msana uja unakusiyani? Tikumva kuti kumeneko kwazizira koopsa, ndiye muzivala, musamadzione ngati mukadali mnyamata. Kuno amayi aliko bwino, mwendo wokha ndi umene umawavuta kukachita mitambo. Ine ndikuyenda, ndikudya, ndipo anthu akandifunsa ndimayankha kuti ndili bwino.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera masiku akale. Ndayesa kukuimbirani, koma mukangoyankha ndimalephera kuiyamba nkhaniyi, ndiye ndimangonamizira netiweki. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki amene timapemphera naye, akuti akusiyirani pa shopu ya abwana anu.

Choyamba ndithokoze. Uthenga unafika pa kafoni kanga ka mabatani kuti ngongole yonse ya foni ija yatha. A Doris, mayi uja wogulitsa mafoni a pangongole pa Boma, anandiuza kuti ndinu munatumiza ndalamazo kudzera kwa iwo, ndipo munawauza kuti asandiuze, mukufuna kundidzidzimutsa. Mwandidzidzimutsadi, achimwene.

Ndikudziwa kuti ndi amayi anakudandaulirani kuti mlongo wanu waonda, akulipirira foni imene ili m'thumba la mwamuna wothawa. Ndikudziwanso kuti ndalama imeneyo simunatole pamsewu. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo. Koma pali zimene amayi sakuzidziwa, ndipo inunso simunandifunse.

Mukukumbuka chaka chatha mutatumiza ndalama ija? Munati Iness, pita pa Boma ukagule foni ya kashi, ngakhale yaing'ono, bola tizionana nkhope pa vidiyo. Munati chinthu cha kashi ukalipira kamodzi wathana nacho, palibe wodzakugogodera pakhomo. Ndinavomera, koma ku Bomako ndinapita ndi alamu anu aja, a Kinsley.

Titangolowa mu shopu ya a Doris, maso a a Kinsley anagwera pa chifoni china cha makamera atatu kumbuyo. Amvekere munthu wa geni pa boda sangayende ndi kafoni ka mwana wa sukulu, a ku Tete angamuseke. A Doris anafotokoza bwinobwino, sindiwanamizira. Anati mupereka yoyambira, yotsalayo muzilipira pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndalama ngati ya mulu wa tomato. Mukaphonya tsiku foni imadzitseka yokha, singaimbe, singalandire uthenga, mpaka mutalipira.

Ine ndinawerengera chamumtima n'kuona kuti pomaliza tidzakhala titagula mafoni awiri. Ndinanena pomwepo. A Kinsley anaseka, akuti mayi a Tiyese muli ndi mtima wa kumudzi, anthu a masiku ano sadikira kuti ndalama ikwane. Chiphaso chawo cha unzika akuti chinasowa, ndiye a Doris analemba changa, n'kundijambula nkhope. Ndalama yanu inapita ku yoyambira, yotsalayo sindinaionenso.

Sindinama, nanenso foniyo inandikomera. Zithunzi zija tinakutumizirani, Tiyese atasenza kadengu ka manachesi mano onse pamtunda, tinajambulira imeneyo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi uja ndine.

Zotsatira mukuzidziwa. Sukulu zitatsekera a Kinsley anati akupita ndi Tiyese kwa agogo ake ku Zobue, tsidya la Mozambique, zikatsegulira abwera naye. Foni anatenga, akuti kuti ndizilankhula ndi mwana. Sukulu zinatsegulira, yunifolomu ili pachingwe. Nditapita ku Zobueko apongozi anangoyang'ana pansi, akuti anapitirira ku Moatize, ndipo kumeneko kuli mkazi wina. Inu munati nkhaniyi mudzaiona mukadzabwera pa Khirisimasi, koma abwana anu sanakuloleni.

Miyezi yoyamba ndinkaimba tsiku ndi tsiku. Foni inkalira mpaka kutopa yokha. Kwa ankhoswe ndinapita, kwina konse kodandaulira ndinapita, ndipo funso linali limodzi, akukhala pati kwenikweni? Ine Moatize sindinapondeko. Ndinkalipirabe, chifukwa dzina ndi langa, komanso ndinkati mwina tsiku lina ayankha.

Ndiye tsiku lina kunagwa mvula ya tsiku lonse. Mandasi anga anabwerera onse m'ndowa, ndalama ya foni sinapezeke. Mawa lake chimodzimodzi. Ndili kuchitsime, kafoni kanga kanalira, nambala yachilendo ya ku Mozambique. Achimwene, anali a Kinsley! Munthu amene anakhala chete miyezi yonse ija, mawu anawapeza tsiku limenelo.

Moni sanapereke. Amvekere iwe ndiwe mfiti, wanditsekera foni dala, makasitomala akundisowa, pita ukalipire pompano. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti mundipatse kaye mwana ndimumve, apo ayi foniyo muziigwiritsa ntchito ngati galasi lometera ndevu. Anatukwana, anadula. Patapita kanthawi anaimbanso.

Ndipo ndinamumva Tiyese. Anati amama, dzino langa lachoka. Anafunsa ngati kambuzi kake kakuda kali moyo, ndipo anati ndisakagulitse. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, azimayi anzanga n'kumayesa ndakomoka. Tsiku limenelo ndinakongola kwa mnzanga n'kukalipira.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira. Ndikalipira, zii, palibe woimba. Ndikaphonya, nambala yachilendo ikulira. Ndiye ndinayamba kuphonya dala. Ndalama ndili nayo pa mfundo ya chitenje, koma ndikudikira aimbe, atukwane, atope, kenako apereke foni kwa mwana. Ndikamumva, ndikupita kwa ejenti kukalipira.

Mudzafunsa kuti bwanji sankalipira okha. Alamu anu mumawadziwa, khobidi lawo limatuluka ndi misozi. Anakayesa kwa okonza mafoni kumeneko kuti athyole loko, zinakanika. Anaona kuti kubwereka foni ya mnzawo n'kutukwana chitsiru cha kwa Kanduku n'kotchipa.

Sindikunyadira ayi. Mzimayi wa Mvano ngati ine kumasangalala foni ya munthu ikatsekeka, si zoona. Koma anthu ankandimvera chisoni kuti ngongole yandimanga, osadziwa kuti ndi ine ndinagwira chingwecho, ndipo kumapeto kwake kunali mwana wanga.

Mwana ndamulera pa foni yobwereka, achimwene. Ndamumva akutsokomola n'kuwauza bambo ake kuti apite naye kuchipatala, apo ayi sindilipira, ndipo anapita naye. Ndamumva akuiwala nyimbo za ku Sande sukulu. Tsiku lina m'malo moti zikomo anandiuza kuti obirigada, n'kudziseka yekha. Mkazi wa bambo ake ujanso poyamba ankamutchula titiya, ndiye kuti anti, koma mwezi watha ndinamva akuti amama a kuno andiluka tsitsi. Ndinayankha kuti wachena mwana wanga, kenako ndinakalirira kuseri kwa khola.

Ulendo womaliza Tiyese analankhula monong'ona. Anati amama, adadi akuti tisamuka, tipita ku Beira kumene kuli nyanja yamchere, kodi inu mukudziwako? Ndinati ndikudziwako, pamene ndinali kunama. Anati ndiye mudzabwere msanga, ndakusungirani dzino lija m'kabokosi ka machesi.

Apo m'pamene ndinalimba mtima. Ndinasiyiratu kulipira. A Kinsley anaimba kutukwana, ine phee. Anaopseza kuti mwanayo sindidzamuonanso, ine ndinati foninso simudzaionanso ikuwala. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Mawu awo anayamba kufewa. Amvekere mayi a Tiyese, tisachite ngati adani, manambala onse a geni ali m'menemo, ulendo wa ku Beira waima chifukwa cha inu.

Ndinati nkhani ndi yaifupi. Mubwere naye mwana pa Zobue Loweruka, pa sitolo ya nsalu ija ili pafupi ndi msika. Ndikamugwira dzanja, ndilipira inu mukuona, ndipo ndidzalipira mpaka kumapeto osaphonyanso, foniyo ikhale yanu. Iwo anati chabwino, mwanayo akungodya ndalama zanga, mkazi wanganso watopa naye. Mawu oipa, koma sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Amayi sindinawauze. Mukuwadziwa, akamva m'mawa pofika masana mudzi wonse wamva, ndipo ndinkaopa kuti zikafika kwa apongozi zisokonekera. Iwo ankangondiona sindikudya, sindikupita kwa ejenti, n'kuganiza kuti ndalama yandithera. A Dorisnso ataona masiku akuchuluka osalipira anaganiza chimodzimodzi. Onse ankandifunira zabwino.

Ndinagulitsa manachesi a mtengo waukulu uja onse kwa mavenda a ku Blantyre. Ndinamugulira Tiyese nsapato zofiira, ndinangoyerekeza saizi ndi phazi la mwana wa aneba. Ndinachapa yunifolomu, ngakhale ndikudziwa kuti yamuchepera. Ndinakapempha aphunzitsi kuti amusungire malo.

Lachinayi ndili pamsewu, kafoni kanalira. Ndinayesa ndi a Kinsley. Unali uthenga wondiyamikira kuti ndamaliza ngongole, foni yatsegulidwa, tsopano ndi yanga mpaka kalekale. Ndinawerenga kawiri osamvetsa. Ndinathamangira kwa a Doris, iwo anandilandira ndi nthungululu, amvekere muli ndi mchimwene mayi inu, ena angolira nawo! Makasitomala m'shopumo anaomba m'manja.

Ine ndinafunsa ngati angathe kuitsekanso. Anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anati chiyambireni ntchitoyi palibe anawapemphapo zimenezo, ndipo sizitheka, foni ikalipiridwa yonse loko amachoka, ngakhale a kampani alibenso nayo mphamvu. Ndinati bwezani ndalamazo kwa achimwene, ngongoleyo ndiyanga, ndikuifuna. Anandipatsa madzi akumwa.

Loweruka ndinapitabe. Ndinakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ija, nsapato zili m'jumbo pamiyendo. Minibasi iliyonse yochokera ku Moatize ndinkaimirira. Mwana aliyense wa msinkhu wake ndinkamuyang'ana mpaka mayi ake kundiyang'ana moipa. Mwini sitolo anandipatsa mpando, kenako anandipatsa buledi, kenako anandipempha kuti ndisunthe atseke.

Ndinaimba nambala ya foni ija, sinalowe. Ndinaimba manambala onse obwereka aja. Mmodzi yekha anayankha, bambo wina wa Chinyungwe, anati a Kinsley ananyamuka dzulo ndi banja lonse, katundu pa lole. Apongozi akuti nawonso sakudziwa kanthu. Mwina akunena zoona.

Kuchokera tsiku limenelo kafoni kanga sikanalirenso ndi nambala yachilendo. Ndimakachaja, ndimayenda nako m'manja ngakhale popita kuchitsime. M'mawa ndimapezeka ndapatula ya foni ija pa mfundo ya chitenje, mwachizolowezi. Tsiku lina ndinayesa kulipira ndithu, uthenga unabwera woti mulibe ngongole.

Achimwene, sindikukuimbani mlandu. Mukanadziwa bwanji? Munachita zimene mchimwene wabwino amachita. Poyamba paja munanena zoona, ikanakhala ya kashi yaing'ono ija mwina a Kinsley sakanaisirira n'komwe. Koma mtima wanga wasweka, ndipo ndikapanda kukuuzani ndidzayamba kukudani popanda chifukwa, ine sindikufuna zimenezo.

Pempho langa ndi limodzi. Musatumize ndalama. Musatumize foni ina, alamu anga a Jane anatchulapo zimenezo, muwathokoze koma ayi. Bwerani inuyo. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi, ndipo mwinimbumba ndinu. Ine ndikalankhula apongozi amayang'ana pansi, koma malume a mwana akakhala pamphasa n'kufunsa, achibale a a Kinsley sangakhale chete onse. Alipo mmodzi amene akudziwa khomo limene afikira ku Beirako.

Ndikudziwa kuti abwana anu ndi ovuta ndipo ntchito kumeneko siisewera. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Mukakana sindidzakunenani, ndidzanyamuka ndekha, ngakhale Chipwitikizi changa chimathera pa moni. Mwana anandifunsa ngati ndikudziwako, ndipo ndinamuuza kuti inde.

Amayi ndawauza dzulo. Anangopita kukamangirira kambuzi kakuda kaja pamthunzi. Kali ndi bere tsopano.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira. Amayi akuti muzipemphera musanakwere galimoto. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu ndi chisomo pamaso pa abwana anu.

Nsapato zija zili pamwamba pa kabati, sindinazichotse m'jumbo. Ndinagula zokulirapo pang'ono, koma ana a msinkhu umenewu sachedwa kukula. Bwerani zisanamuchepere.

Ndine mlongo wanu,
Iness