Dzina lanu pa chitseko cha chipinda cha ndege

Amayi anga, kodi kumene muliko kukucha bwanji masiku ano?

Ife kuno ku Tete tili moyo, kungoti dzuwa la kuno silidziwa chisoni. Ndine Filomena wanu. Ndikulemba nditakhala pakhonde ku Degue, mwana ali pamiyendo, ndiye mukaona zilembo zikupendekera musati ndayiwala sukulu. Inde, mwana. Ndinabereka wamkazi mwezi wathawu, wa makutu ang'onoang'ono ngati anu, ndipo amayamwa mwaukali ngati pali wina akufuna kumulanda. Bambo ake, a Bernardo, akadamatabe matayala a malole pafupi ndi mlatho. Amabwera madzulo ali bii, n'kufuna kumunyamula asanasambe, ndipo pamenepo ndiye timakanganirana tsiku lililonse.

Achimwene anu, amalume a Fabiyano, anabwerera kumudzi ku Tsangano. Kachewere wachita bwino chaka chino. Anatitumizira thumba pa lole ya munthu wina, koma lina linafika litawola ndi kutentha kwa m'njira. Munda wanu wa kumunsi sanaukhudze, akuti mukadali mabomba okwirira. Mpichesi wa kuseri kwa nyumba ulipo, ukubereka popanda woufunsa.

Koma sindinalembe chifukwa cha kachewere, Amayi. Mtima wanga suli m'malo, ndipo nkhani yake ndi Kasimiro, mwana wanu.

Ndinakuuzani kale m'mapemphero kuti anapezeka, koma ndibwereze chifukwa ndikudziwa kuti simungatope kumva. Tsiku lija helikopita zinabwera pamudzi, iye anali kubusa kuseri kwa phiri, kamwana kosakwana zaka khumi. Inu munandikokera m'chimanga, tinathawa mpaka ku Malawi, iye osaoneka. Zaka zonse za kumsasa wa othawa nkhondo munkakhala moyang'ana njira. Ndege ikangodutsa, ngakhale yakutali kumwamba yosatidziwa n'komwe, munkataya chidebe n'kunjuta pansi, ana a eni dziko akuseka. Munkati, "Ndege ikalira musayang'ane kumwamba, yang'anani pamene pali mwana."

Nkhondo itatha, anthu ofufuza ana otayika anafika kumsasa. Anali atamupeza kutali kummwera, kumene anthu a mfuti anamutengera kukasenza katundu. Anamubweretsa pa kandege kakang'ono, ine n'kukamuchingamira pabwalo la ndege kuno ku Tete. Anatsika munthu wamtali wa ndevu zoyamba, ndipo asanandipatse moni anafunsa kumene muli. Inu munali mutagona kale m'dothi la ku Malawi, mvula ya chaka chapitacho.

Ndi munthu wosalankhulalankhula. Chichewa chake chinasakanizika ndi Chisena, amanditchula kuti mana, ndiye kuti achemwali, monga amachitira a kuno, ndipo sakhala pansi atafulatira khomo. Koma manja ali nawo. Tonse timagwira ntchito pa nyumba ya alendo ya bambo wina wachikulire wa Chinyungwe, amene timangowatchula kuti a patrawu, ndiye kuti abwana. Ine ndimachapa nsalu za pabedi, iye amapala matabwa ndi kupaka penti. Nthawi ya nkhondo nyumbayo munkagona mileme, koma tsopano alendo achuluka: ochotsa mabomba, oyendetsa ndege za chithandizo, amalonda ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe. A patrawu anaganiza zoti zipinda zisiye manambala, zikhale ndi mayina. China anachitcha Mlambe, china Zambezi, china Mlatho. Chotsiriza, chakumapeto kwa khonde, anampatsa Kasimiro kuti achikonze mmene angafunire.

Mwana wanu anasankha ndege, Amayi.

Denga analipaka mtundu wa thambo n'kujambulapo mitambo. Anakapeza mipando iwiri ya ndege yakufa kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale, ya malamba ake omangira m'chiuno, n'kuyitsuka mpaka kuwala. Mazenera anawazunguliza matabwa kuti aoneke obulungira. Pakhoma anapachika chopukusa cha kutsogolo kwa ndege, chosema yekha. Kunena zoona n'chokongola, ndipo a patrawu ankaitana anthu odutsa kuti adzaone. Tsiku limene anandilowetsamo ndinali ndi pakati potopa. Anayatsa chokupizira mphepo cha kudenga, chija akuti ventoinya, ndipo chitangoyamba kuzungulira ndi kulira kwake kuja, ndinadziponya pansi. Ndinapezeka ndanjuta pakati pa bedi ndi khoma, manja ali pamimba. Ndinali inu ndendende. Kasimiro anazimitsa msanga, koma ndinaona kuti sanamvetse.

Kenako inabwera nkhani ya dzina. A patrawu ankafuna Piloto, ndiye kuti woyendetsa ndege. Mayi wophika anati Mtambo, ine ndinati lililonse bola ndisamalowemo chokupizira chija chikuzungulira. Ndiye mlendo wina woyendetsa ndege, pocheza, anauza Kasimiro kuti kwawo ena amalemba dzina la munthu wokondedwa pamphuno pa ndege. Mwana wanu anawasunga mawuwo. Patapita masiku anandiitanira kuseri kumene amapalira matabwa, n'kuvundukula kathabwa kopakidwa bwinobwino. Panali dzina lanu la paubwana, la zilembo zoyera, loti likhomedwe pa chitseko.

Ndinapsa mtima. Dzina limene ngakhale atate sanalitchulepo pamaso pathu! Iwo ankati Nangozo, anzanu ankati amake Filomena. Pamaliro anu mkulu wa mpingo atalitchula, anthu anazyolika. Ndiye lero madalaivala azilikuwa pakhonde pofuna madzi osamba? Oledzera azilowamo ndi akazi a kumlatho, ine m'mawa n'kukatenga nsalu zawo pansi pa dzina la mayi anga? Ndipo pa zinthu zonse za padziko, akuikeni pa ndege, inu amene munamwalira mukuiopa. Pakamwa panga mumapadziwa, munkati ndinatengera azakhali. Ndinamuuza kuti anakulira m'tchire ndipo sadziwa kanthu za kwathu. Mawu amenewo anatuluka, ndipo ndinaona pamene anakagwera.

Sanakweze mawu. Anandikumbutsa chinthu chimene ndinali nditachikankhira kutali. Nkhondo itayandikira kwathu munatitenga awirife kuseri kwa nkhokwe, n'kutinong'oneza dzina lanu lenileni, la atate ndi la mudzi, kuti tikadzatayika tidzanene zimenezo, chifukwa a Nangozo ndi ambiri. Ine sindinatayike, choncho ndinalibisa monga mwa mwambo. Iye akuti ankalinena tsiku lililonse, katundu ali pamutu, kuti lisamuthawe. Nkhope yanu inafufutika m'mutu mwake, mawu anu anafufutika, linatsala dzina lokha. Ndi limenelo anauza ofufuza aja, ndi limenelo iwo anafika nalo kumsasa.

"Mana, inu munawaika m'manda, muli ndi poloza," anatero. "Ine ndilibe. Inu ndege inakubalalitsani, ine inandibweretsa kwa iwo. Kungoti inachedwa."

Sindinagonje. Ndinachoka ndili ndi mkwiyo wanga ndi manyazi pamwamba pake.

Mwana anabadwa tisakulankhulana. Ndinatumiza uthenga kwa amalume ku Tsangano, ndipo yankho lawo linabwera ndi munthu wa lole yemwe uja. Anati dzina lanu linkadikira mtsikana woyamba wa m'banja, zimenezo n'zodziwika. Koma dzina lokhomedwa ndi misomali pakhomo lolowa aliyense sangalipereke kwa mwana. Tisankhe, chitseko kapena khanda. Iwo miyendo ikuwavuta, sangabwere kudzaweruza.

Mchombo unagwa, tinatuluka m'chikuta, mwana alibe dzina. Anzanga a ku Degue akabwera kudzamuona ankafunsa kuti ndani ameneyu, ine n'kumati tikudikira a kumudzi. A Bernardo anayamba kunena kuti ngati kwanu mayina atha, kwathu alipo. Sindinawadzudzule, chifukwa mwana wopanda dzina amadetsa nkhawa aliyense, akangotentha thupi pang'ono mtima umalumpha. Kasimiro sanabwere kudzamuona. Anangotumiza kampando kakang'ono kopala bwino, koti mwanayo sadzakhalapo mpaka chaka chitatha. Ndinalira nditakaona, chifukwa ndinadziwa kuti ndikhoza kutaya mlongo wanga kachiwiri, ulendo uno popanda mfuti.

Nditamva kuti chipinda chija achitsegula Loweruka, ndinabereka mwana kumsana m'mawa n'kupita. Ndinamupeza pakhonde, hamala m'manja, kathabwa katatsamira khoma, mabowo a misomali ataboola kale pa chitseko. Sindinapereke moni. Ndinamasula nsalu n'kumuika mwanayo m'manja mwake, moti hamala anachita kuigwetsa. Ndikukhulupirira kuti anali asananyamulepo khanda chibadwire, anamugwira ngati mbale yodzaza madzi. Ndinamuuza zimene ananena amalume. Ndinati iwo ali kutali, malume wa mwanayu ndiwe, dzina lili m'manja mwako. Ukafuna chitseko khoma, ine ndizichapa nsalu zake osanenanso kanthu, mwanayu atenga dzina la kwa bambo ake. Ndinanena choncho, Amayi, koma sindinkadziwa chimene asankhe.

Mwana anadzuka, n'kumuyang'ana ndi maso aja osaona bwino. Kenako ndinamva Kasimiro akunong'ona, mofulumira, mosapumira, dzina lanu, la atate, la mudzi, n'kubwerezanso, mmene ankanenera m'tchire muja. Atatha anaweramira khandalo.

"Amayi," anatero, "ndine Kasimiro. Ndafika."

Palibe anamuphunzitsa kuti mwana wotenga dzina la mayi ako umamutchula amayi. Kapena munamuphunzitsa ndinu, ine sindikudziwa. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kulira mokweza, mpaka mayi wophika anatuluka ndi chipande m'manja.

Chipinda chinatsegulidwa chopanda dzina, a patrawu akung'ung'udza kuti alendo azingoti chipinda cha ndege ngati kuti mayina anatha. Sabata yotsatira Kasimiro anapala kathabwa kena n'kulembapo Chegada, ndiye kuti kufika. Akuti ndi mawu amene anaona pamwamba pa khomo la pabwalo la ndege tsiku limene anatsika. A patrawu anakondwa chifukwa ndi Chipwitikizi, alendo akulikonda, ndipo ine ndimalowamo kukayala bola chokupizira chija chili chozimitsa.

Mwina mukuganiza kuti zatha bwino. Ine sindikugona nazo tulo. Kathabwa koyamba kaja sanakataye, sanakafufute. Anakakulunga m'nsalu n'kukaika kumutu kwa mphasa yake. Tsopano amabwera ku Degue pafupipafupi, amakhala pansi ndi mwana osalankhula ndi wina aliyense, ndipo dzana anandiuza chimene akasungira. Akufuna mvula ikatha ndimuperekeze ku Malawi, akakhome kathabwako pamanda anu. Akuti pamenepo palibe angamuletse, ndipo akunena zoona.

Ndinavomera, nanga ndikanatani. Koma anthu ochokera kumeneko akuti msasa wonse unabwerera kwa eni minda. Pamene panali nyumba zathu pali chimanga, mitanda ya mitengo inadyedwa ndi chiswe, ndipo mizere yafika mpaka m'mphepete mwa manda. Ine ndimakumbukira mtengo wa msuku ndi chulu chakumanzere kwake. Ngati msukuwo anadula, Amayi, ndidzaima pati? Iye amakhulupirira kuti ndili ndi poloza. Ndi chinthu chokhacho chimene amaona kuti ndimamuposa, ndipo n'chimene anasiyira chitseko chija mwamtendere. Sindinamuuze kuti ndikuopa kukaima naye pakati pa munda wa eni, kathabwa kali m'manja, ine ndikuyang'ana uku ndi uku.

Munkati munthu akasochera asathamange, aime amvetsere. Ndidzaima, koma inunso mundithandize. Ngati kumeneko amalola, sungani msuku uja.

Mwana wayamba kutakataka, akufuna bere. Ndikulonjeza kuti tidzabwera mvula ikangotha, tonse atatu, ndipo sindidzabwerera kuno mpaka mwana wanu atagwada pamene mwagona, ngakhale ndichite kufunsa khomo ndi khomo. Dzina lanu sindinalilembepo chibadwire, koma tsopano ndi la mdzukulu wanu ndipo ndiyenera kuzolowera. Lusiya akukupatsani moni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena