Denga Lodontha ndi Makwerero a Aneba

Lolemba, 6 Januwale
Mvula kuyambira m'mawa. Denga ladonthanso, ulendo uno kumutu kwa bedi. Ndasuntha bedi, ndalemba ndi choko pansi pomwe dontho likugwera. Zizindikiro zachuluka tsopano, chipinda chikuoneka ngati bolodi la kusukulu. Beseni pakhomo, poto pafupi ndi wadiropu. Palibe chanyowa. Ndine munthu wadongosolo.

Lachitatu, 8 Januwale
Akazi anga abwera kuchokera kusukulu yawo ya Chingerezi akuseka okha. Akuti aphunzira mawu awiri ooneka ofanana koma osiyana. Prevent, kutsekereza vuto lisabwere. Avoid, kulizemba likabwera. Aphunzitsi atafunsa chitsanzo cha lachiwirilo, iwo anatchula ine. Pamaso pa kalasi yonse. Ndi za choko zomwe.
Ndawakumbutsa kuti phula lomatira malata ndinagula kalekale. Akuti phula silikwera lokha padenga.
Chonsecho akudziwa kuti ndimaopa kukwera pamwamba. Ine kungoima pampando kuti ndisinthe babu, thukuta kamukamu.

Lachisanu, 10 Januwale
Dontho lina latsopano. Bedi tsopano lili chopingasa pakati pa chipinda, chitseko sichikutseguka chonse. Akazi anga polowa cham'mbali, diresi yawo yakutchalitchi yakodwa pachogwirira, kwee. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Alongedza kachikwama.
"Ndikagona kwa achemwali, kumene bedi limakhala pamalo amodzi. Denga likatha mundiimbire."
Ambulera yabwino ija atenganso.

Loweruka, 11 Januwale
Ndabwereka makwerero kwa aneba. Ndawagwedeza, ndamanga chingwe pomwe panali pokayikitsa, ndawapukuta bwinobwino. Ndawayedzamiritsa kuno, ndawayedzamiritsa uko. Dzuwa lalowa ndisanakwere.
M'nyumba zii. Tiyi ndathira m'makapu awiri mwachizolowezi. Ndamwa onse, winayo atazizira.

Lachiwiri, 14 Januwale
Ndinakwera. Maso otsinzina, pemphero pakamwa, chitini cha phula chikulendewera m'khosi. Mabowo onse ndinamata, misomali yotuluka ndinakhomerera. Akazi anga ndinawaimbira foni ndili pamwamba pomwepo, mawu ngati a munthu wozolowera.
Kenako kutsika. Phazi kufufuza makwerero, osawapeza. Kufufuzanso, mphepo yokhayokha. Makwerero anali pompo, koma kuyang'ana pansi kuti ndiwaone sindikanatha. Ndinakhala pamalata otentha aja n'kumapereka moni kwa odutsa, ngati munthu amene akungopitidwa mphepo. Aneba anatuluka, n'kufunsa ngati ndasamukira komweko kuti azinditumizira chakudya pachingwe.
Akazi anga anandipeza choncho. Anaika kachikwama pansi, n'kugwira makwerero ndi manja onse awiri. Sanaseke, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka.
"Phazi lamanzere kaye, bambo. Musayang'ane pansi. Yang'anani ine."
Koma iwowo anali pansi.
Ndinayang'anabe.