Bati Imene Munatumizira Ikram

Ayub Kazembe
Area 1, Old Town
Lilongwe
17 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Asiatu,

MUTU: KUFOTOKOZA ZIMENE ZINACHITIKA PA MASEWERA A LOWERUKA

Choyamba ndifune kudziwa za moyo wanu uko ku Durban. Ife kuno tikudzuka. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu amandithawa, ndipo nkhaniyi ikufunika kuyalidwa mwa dongosolo.

Monga mukudziwa, mwana wanga Ikram watchuka pa kiriketi. Pa masewera atatu otsatizana anamenya marani (zigoli za kiriketi) oposa makumi asanu, ndi bati yomenyera mpira ija munamutumizira zaka ziwiri zapitazo. Loweruka lapitali kunali masewera otsiriza, ndipo kunabwera akuluakulu osankha anyamata opita kukasewera kunja kwa dziko.

Sabata yonse anthu sanamupatse mpata. Ku Msika wa Tsoka ankamukuwira kuti, "Iwe wa ndege, udzatigulire nsapato!" Ngakhale potuluka mu mzikiti ankamugwira paphewa. Iye ankangomwetulira, koma chakudya ankasiya m'mbale, ndipo ankakhala pakhonde akupotokola zala. Ine monga kholo ndinafuna kuthandizapo. Malamulo a masewerawa sindiwadziwa. Chimene ndimadziwa ndi matabwa, pakuti ukalipentala ndaugwira zaka makumi atatu.

Lachisanu m'mawa Ikram anapita kokathamanga, bati n'kuisiya kuseri kwa chitseko. Nditaiyang'ana ndinachita manyazi. Inali ndi zipsera zofiira za mpira, kunsi yokulungidwa tepi wakuda ndi litsiro. Ndinaganiza kuti mwana wa kalipentala sangaime ndi chinthu chotero pamaso pa akuluakulu. Ndinachotsa tepi. Ndinapala linunda la kumbuyo kwake kuti ipepuke, asatope mikono. Ndinaikwecha ndi sandipepa, n'kupaka vanishi katatu, n'kuiyanika padenga. Pa ntchito zanga zonse sindinasalazepo thabwa chotero.

Loweruka m'mawa ndinamupatsa ndi manja awiri. Anailandira, anaitembenuza, anaikweza m'mwamba kamodzi. Kenaka anati, "Zikomo, bambo. Yakongola."

Ku bwalo ndinakhala pafupi ndi benchi ya osewera, choncho zotsatirazi ndinazimva ndekha. Mphunzitsi wawo, a Lemson, anati, "Ikram, mwendo wa tebulowu wautenga kuti? Kodi tabwera kudzagulitsa mipando? Tenga bati ya mnzako Wiza, msanga!"

Ikram anayang'ana kumene ndinakhala ine, ndipo anati, "Ndisewera ndi yomweyi, kochi."

"Wapenga? Lero ndi lero, mphwanga!"

"Ndamva, kochi. Yomweyi."

Atalowa, anthu anaimirira akuimba dzina lake. Mipira isanu ndi itatu anangoitchinga, n'kupeza marani anayi. Wachisanu ndi chinayi anaumenya ndi mphamvu zake zonse, mmene amachitira ukamadumpha mpanda. Bati inalira ngati chitseko cha kabati ndipo inang'ambika kunsi. Mpira unakwera pang'ono n'kugwera m'manja mwa wosewera wa timu inayo, ndipo akakuwakha chotero ndiye kuti watuluka. Iye anavula chipewa, anatola kachidutswa kamene kanagwa, n'kutuluka akuyenda bwinobwino.

Masewera atatha a Lemson anandifotokozera mwaulemu, osadziwa kuti wopala ndinali ine. Anati linunda lija ndiye mphamvu ya bati, tepi ndiye ankagwira mng'alu, ndipo bati sipakidwa vanishi koma mafuta ake apadera. Anafunsa kuti, "Nanga ndi mmisiri uti wopanda chisoni anachita zimenezi, bambo?" Ine ndinayankha kuti ndifufuza.

Maina anatuluka Lolemba. La Ikram palibe.

Tsopano m'tauni muno akunena kuti mnyamatayo ndi wamantha, amawala pa masewera aang'ono, akaona akuluakulu miyendo imagwedera. Dzulo wogulitsa nsapato wina anamufunsa ine ndili pomwepo kuti, "Ndege ija yakusiya pa siteji iti?" Ikram anaseka nawo. Sanauze munthu aliyense za ine, ngakhale mayi ake. M'mawa uliwonse amandipatsa moni monga kale, n'kundithandiza kutulutsa matabwa. Ine ndimayankha moniyo. Ndikugwira ntchito, ndikudya, ndikugona. Mumtima sindikumva kanthu kalikonse, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi n'zololedwa.

Lero ndapereka kalata ina kwa a Lemson, yovomera kuti mmisiri uja ndine, ndi kupempha kuti akaionetse kwa akuluakulu osankha. Anaiwerenga ataimirira, anaipinda, ndipo anati mndandanda unapita kale, koma ayesa.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Ikram amakumverani kuyambira ali wakhanda. Mumuimbire foni, mumuuze kuti ine bambo wake ndamupatsa chilolezo chondikalipira. Anene zonse, mokweza, ngakhale pa anthu. Ndayesa kumuuza ndekha kawiri, koma ndikangoyamba amati, "Palibe kanthu, bambo," n'kupita kokatunga madzi.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mayi ake a Ikram akupereka moni. Ikram sakudziwa kuti ndalemba, koma akanadziwa akanapereka moni, chifukwa ndi mwana waulemu kwambiri.

Ine mlongo wanu wokhulupirika,
Ayub Kazembe (Kalipentala)